MAFUWA ATATU A CHIPATALA: PHUNZIRO LA KU MINDA YA TIYI YA KU THYOLO

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo m'mwezi wa January amaona minda ya tiyi itabiriwira kuyambira m'mphepete mwa mseu kufikira m'tsinde mwa phiri, ndipo pakati pa mizere amaona anthu ambiri-mbiri, madengu ali ku msana, alikuthyola nsonga zanthete. Nyengo imeneyi, kuyambira December kufikira April, ndiyo ya nchito yambiri pa esiteti, pakuti tiyi amaphuka ndi mvula. Komatu ndiyonso nyengo ya udzudzu ndi malungo, ya matenda a m'mimba, ndi ya njala, poti chimanga chakale chatha m'nkhokwe ndipo chatsopano sichinache. Mai wothyola tiyi amene mwana wake watentha thupi usiku amadzuka ndi mitima iwiri: akatenga njira ya ku chipatala, sikelo ya tsiku limenelo yamdutsa, akatenga njira ya ku munda, mwana angatsirizike iye ali kutali.

Phunziro lino lili ndi funso limodzi. Kodi chithandizo cha odwala ndi cha anthu ofooka chingakonzedwe bwanji kuti chikhalitse, kotero kuti mwana wa mai ujayo adzachipeze chilipobe iye atakula, ndipo mai mwini adzachipeze atakalamba? Yankho lake lifanana ndi nzeru ya pa moto. Mphika sukhala pa fuwa limodzi, kapena pa awiri, ufuna atatu. Fuwa loyamba ndi anthu ophunzitsidwa okhala pafupi ndi odwala. Lachiwiri ndi thumba la ndalama losadalira mlendo yekha. Lachitatu ndi chisamaliro cha pa mudzi cha iwo amene mphamvu zawathera. Mbiri ya Thyolo isonyeza fuwa limene linakhazikika bwino, ndi ena amene alikugwedezekabe.

Kumene zinachokera

Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo, cha m'ma 1908. Minda itakula inafuna manja ambiri, ndipo manjawo anapezeka makamaka mwa Alomwe amene ankaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza. Eni minda anawalola kumanga ndi kulima pa malo ao, koma lendi yake inali thukuta: imeneyo ndiyo thangata, imene inautsa chipolowe ku Thyolo m'chaka cha 1953, nithetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Masiku amenewo kachipatala ka pa esiteti kanali makamaka ka munthu wa tikiti, kuti achire msanga nabwerere ku mzere. Nkhalamba, wopunduka ndi mwana wamasiye sanali m'kaundula wa kapitawo.

Pambali pa maesiteti panali amishoni. Ku Makwasa a mpingo wa Seventh-day Adventist anakhazikitsa mishoni ya Malamulo m'chaka cha 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 chipatala chao chinatchuka ndi nchito yosamala akhate. Chinasandukanso sukulu yophunzitsa anthu a dziko lino nchito ya chipatala. Boma nalo linali ndi chipatala chake pa boma. Motero kuyambira kale odwala a ku Thyolo akhala ndi eni zipatala atatu, Boma, mipingo ndi maesiteti, yense ndi buku lake, malamulo ake ndi thumba lake.

M'chaka cha 1966 zipatala za mipingo zinapanga bungwe limodzi, limene lero litchedwa CHAM, ndipo ndilo lisenza pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nchito ya chipatala m'Malawi. Koma pakati pa zipatala za Boma ndi za mipingo pali kusiyana kumene mmphawi amakudziwa bwino: ku Boma salipira, ku mishoni amalipira. Chifukwa chake, kuyambira 2006, Boma linayamba kupangana ndi zipatala za mipingo kuti amai oyembekezera ndi ana azithandizidwa ulere, Boma n'kumabweza ndalamazo. Pangano lotere n'labwino ndithu, koma limayenda pokha-pokha Boma likamalipira pa nthawi yake. Likachedwa, mankhwala amatha pa shelefu, ndipo mtengo umabwerera pa mutu wa wodwala.

Mliri ndi alendo

Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985. Anapeza zipatala zili zofooka kale. Maepiskopi a Katolika, m'kalata yao ya nyengo ya Lenti ya 1992, anadandaula poyera za kuchepa kwa madotolo ndi anamwino, za kuthithikana kwa odwala m'zipatala, ndi za kusiyanitsa pakati pa odwala apamwamba ndi anthu wamba. Sukulu yophunzitsa madotolo ya ku Blantyre inali itangotsegulidwa kumene m'chaka cha 1991, ndipo anamwino ambiri ophunzira bwino ankapita kukagwira nchito ku Britain.

Thyolo anakanthidwa koposa maboma ambiri. Ndi dziko lopanikizana, la anthu ochuluka pa malo ochepa, popeza nthaka yaikulu ili pansi pa tiyi. Ndiponso ndi dziko la anthu oyenda-yenda ndi nyengo, osiya mabanja ku mudzi kukakhala m'makomboni. Kafukufuku wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse a m'bomalo, pafupi-fupi 21 anali ndi kachilombo ka HIV. Maliro anali a tsiku ndi tsiku, ndipo agogo amene anayenera kupuma anayambanso kulera.

M'chaka cha 1997 kunafika bungwe la madotolo a kunja lotchedwa Médecins Sans Frontières, kapena MSF. Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mauwa anapherezeka. Poyamba, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, alendowa pamodzi ndi a chipatala cha Boma anaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi kusamala odwala pa khomo, kuzindikira chifuwa chachikulu, ndi kulimbikitsa anthu kukayezetsa magazi. M'mwezi wa April 2003 anayamba kupereka ma ARV pa chipatala chachikulu cha Thyolo, ndipo m'chaka cha 2004 Boma linayamba kuwapereka ulere m'dziko lonse ndi ndalama za thumba la Global Fund.

Fuwa loyamba: anthu a pafupi

Mankhwala atafika panabuka vuto lina. Boma la anthu pafupi-fupi 600,000 linali ndi madotolo owerengeka pa zala, ndipo odwala ofuna mankhwala anali zikwi-zikwi. Kukanakhala kuti aliyense ayenera kuonana ndi dotolo pa boma, ambiri akanafera pa mzere, ndipo a kutali monga ku Thekerani, kumene mseu umavuta nthawi ya dzinja, sakanafika n'komwe. Tsono anapangana nzeru ziwiri, zimene zili mutu weni-weni wa phunziro lino.

Nzeru yoyamba inali kugawana nchito. Anafunsa pa nchito iliyonse kuti: kodi imeneyi ifunadi dotolo? Anapeza kuti kuyamba munthu pa mankhwala angakuchite makiliniko ofesa, othandiza madotolo ndi anamwino, akaphunzitsidwa bwino ndi kuyang'aniridwa. Anapezanso kuti kuyeza magazi ndi kupereka uphungu angakuchite alangizi a za umoyo ndi aphungu osakhala anamwino. Nchito yoyeza itaperekedwa kwa iwowa, chiwerengero cha oyezedwa pa mwezi chinakwera kuchoka pa 1,300 kufika pa 6,500.

Alangizi a za umoyo amenewa si anthu achilendo. Nchito yao inayamba ndi anthu otemera nthomba, nipitirira ndi olimbana ndi kolera m'chaka cha 1973. Masiku amenewo ankaphunzira miyezi yowerengeka chabe, koma amakhala pakati pa anthu, amadziwa khomo lililonse, ndipo malipiro ao Boma lingathe kuwakwanitsa. Kuyambira 2008 ambiri a iwo anapatsidwa bokosi la mankhwala kuti azichiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osafika zaka zisanu pa mudzi pomwepo. Kwa mai wothyola tiyi uja, kusiyana kwake n'kwakukulu: mwana alandira mankhwala m'mamawa, mai n'kukafikabe ku sikelo.

Nzeru yachiwiri inali kufikitsa chithandizo kufupi. M'malo moti onse azikwera ku boma, mankhwala anatsikira ku zipatala zazing'ono za m'madera. Ndi njira ziwirizi, pofika 2007 Thyolo anakwanitsa kufikira anthu 80 mwa 100 alionse ofunika mankhwalawo mwamsanga, chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke ku midzi ya mu Africa. Ndipo pakutha kwa 2009 anthu oposa 23,000 anali atayamba kulandira ma ARV m'bomalo. Kafukufuku wina wa komweko anaonetsanso mphamvu ya anthu odzipereka: mwa odwala amene ankayenderedwa ndi anzao a m'mudzi, 96 mwa 100 anapezeka ali moyo ndipo akumwabe mankhwala, pamene mwa osayenderedwa anali 76 okha.

Pambuyo pake panadza nzeru ina yochokera ku Tete m'dziko la Mozambique, kumene inayamba m'chaka cha 2008, nifika ku Thyolo m'chaka cha 2012. Anthu okhala moyandikana amene matupi ao akhazikika pa mankhwala amapanga kagulu ka anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, namasinthana: mwezi uno apita uyu kukatengera onse, mwezi wa mawa apita winayo. Ndalama ya ulendo ichepa, masiku otayika pa nchito achepa, mzere wa ku chipatala ufupika, ndipo wina akayamba kufooka anzake amadziwa msanga.

Boma nalo linachita mbali yake. Kuyambira 2005 linaonjezera malipiro a anchito a chipatala ndi 52 pa 100, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, ndipo linachulukitsa ophunzira m'sukulu za unamwino, za mipingo zomwe. M'chaka cha 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kulamula kuti mai aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala a moyo wake wonse, osadikira makina owerengera chitetezo cha m'thupi, amene zipatala zazing'ono zinalibe. Zipatso zake zinaoneka: m'chaka cha 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu, pofika 2016 anali 63. Fuwa loyamba, tsono, linakhazikika, chifukwa nzeru ikalowa m'mutu mwa mwana wa m'mudzi, mlendo sabwerera nayo kwao.

Fuwa lachiwiri: thumba

Komabe akale omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pakati pa zaka za m'ma 2010 a MSF anapereka nchito yao ya ku Thyolo m'manja mwa Unduna wa Za Umoyo, pang'ono-pang'ono, nachoka. Kuchoka kwao sikunali kulakwa ai, pakuti ndi m'mene mlendo wabwino amachitira. Koma kunaulula chinthu chimene chinali chobisika: nchito ingaperekedwe m'manja mwa eni dziko, koma galimoto yoyendera zipatala zazing'ono ifuna mafuta, makina oyezera afuna wowakonza, ndipo mphungu afuna malipiro mwezi ndi mwezi.

Vuto limeneli si la Thyolo yekha. Kwa zaka zambiri, zoposa theka la ndalama zonse zogwiritsidwa nchito pa umoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja, ndipo pa nchito ya Edzi gawo la kunja lakhala likuposa 90 pa 100. M'chaka cha 2001, atsogoleri a maiko a mu Africa atasonkhana ku Abuja m'dziko la Nigeria, analonjeza kupatula 15 pa 100 ya ndalama za Boma kuti zipite ku umoyo. M'zaka zambiri zotsatira Malawi sanafike pa mlingo umenewo. Kunena zoona, angakhale atafikapo, thumba la dziko losauka n'laling'ono, ndipo anthu alikuchuluka: kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, mwa iwo oposa 700,000 a ku Thyolo.

Kuopsa kwa kudalira thumba la mwini kwaoneka kangapo. M'chaka cha 2013, zitaululika za kubedwa kwa ndalama za Boma ku Lilongwe, mlandu umene unatchuka ndi dzina loti Cashgate, maiko othandiza analeka kuika ndalama zao m'thumba la Boma, ndipo amene analangika koposa ndi odwala, amene sanabe kanthu. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, ndipo popeza mankhwala ambiri agulidwa kunja, ndalama yomweyo inagula mankhwala ochepa. M'mwezi wa January 2025 Boma la America, limene kuyambira 2003 lakhala likuthandiza maiko ambiri pa nchito ya Edzi, linaimitsa mwadzidzidzi chithandizo chake cha kunja, ndipo m'chaka chomwecho bungwe lake la USAID linatsekedwa. Ena mwa anchito amene malipiro ao ankachokera kumeneko anauzidwa kuti aime, pamene odwala ao sangaime kumwa mankhwala ngakhale sabata imodzi.

Pali vuto linanso la ndalama za kunja: kawiri-kawiri zimabwera zitalembedwa kale dzina la matenda. Motero pa chipatala chimodzi pangapezeke ma ARV okwanira, koma mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena a khunyu palibe. Ndipo munthu amene anapulumuka ku Edzi ali ndi zaka 30 angafe ndi sitiroko ali ndi zaka 55. Ndondomeko ya Unduna ya zaka za 2023 kufikira 2030 inalembedwa pofuna kukonza zimenezi. Ifuna kuti Boma ndi onse othandiza akhale ndi pulani imodzi, thumba lowerengedwa pamodzi ndi lipoti limodzi. Kuti wodwala aonedwe monga munthu wathunthu pa khomo limodzi, osati matenda alionse ndi khomo lake. Ndiponso kuti zipatala zazing'ono zizilandira ndalama zina m'manja mwao zokonzera mpope, denga ndi zina zofulumira, osadikira ku boma.

Ena amati njira yachidule ndi kulipiritsa odwala m'zipatala za Boma. Apa pafunika kudekha. Mtengo wa pa khomo la chipatala subweza wolemera. Ubweza mmphawi, amene amadikira pa nyumba kufikira matenda atakula, nadzafika atanyamulidwa, pamene kumchiza kwadula kakhumi. Chilungamo chifuna kuti ndalama isonkhedwe kwa anthu ali bwino, yense monga mwa kupata kwake, kudzera m'misonkho ndi m'zopereka za olemba nchito, osati kuilanda kwa munthu pa tsiku limene wagwa.

Fuwa lachitatu: ofooka pa mudzi

Chipatala chimachiza, koma sichiphikira nkhalamba, sichifolera nyumba ya wopunduka, ndipo sichilera wamasiye. Kale nchito imeneyi inali ya mbumba ndi eni mbumba. Lero ku Thyolo mbumba ili pa kamunda kosakwanira kudyetsa banja, achinyamata ambiri ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo mliri uja unachotsa anthu a msinkhu wa pakati amene akanasamala makolo ao.

Pa maesiteti, amene pa nyengo yothyola amalemba anthu pafupi-fupi 50,000 ku Thyolo ndi ku Mulanje, ambiri ndi anchito a nyengo. Lamulo la nchito la 2000 lipatsa wanchito tchuthi cholipidwa cha matenda akagwira miyezi 12 mosalekeza. Wa nyengo, amene alembedwa mu December nachotsedwa mvula ikatha, safikapo. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira nchito m'chaka cha 2011 linalamula olemba nchito kusungira wanchito 10 pa 100 ya malipiro ake, iye mwini naonjezapo 5, koma anchito a nyengo linawasiya kunja. Motero munthu angathyole tiyi madzinja 30, nakalamba msana utapindika, wopanda chomgwiriziza. Ndipo tsiku limene dzina lake lachoka m'kaundula, khomo la kachipatala ka pa esiteti lingamtalikire.

Zina zasintha. M'chaka cha 2016 eni minda ya tiyi ndi bungwe la anchito a m'minda anasainirana pangano loyamba la malipiro ndi kagwiridwe ka nchito, ndipo pangano lotere ndiyo njira yoyenera yokambirana za thanzi la anchito a nyengo ndi mabanja ao. Boma nalo, m'chaka cha 2006, linayamba ku Mchinji chithandizo cha Mtukula Pakhomo, chopereka kandalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira nchito, ndiwo a nkhalamba, a opunduka, a odwala nthawi yaitali ndi a ana okha-okha. Pofika 2018 chinali chitafika m'maboma onse 28. Apa pali chinthu choyenera kuchisunga: pamene maboma ena ankalipiridwa ndi maiko ndi mabungwe a kunja, boma limodzi limene Boma la Malawi linadzisankhira kulipira ndi ndalama zake linali Thyolo. N'chiyambi chaching'ono, koma chisonyeza kuti thumba la eni dziko lingathe kusenza katundu wina.

Komabe Mtukula Pakhomo anakonzedwa kuti afikire khomo limodzi mwa makomo 10, ndipo osowa ndi ambiri kuposa apo. Zimenezi zinaonekera poyera pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndi pa namondwe wa Freddy wa mu March 2023, amene anagumula nyumba, miseu ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera, ku Thyolo komwe. Pa masiku otere, galimoto ya chithandizo isanafike, amene amayamba kupulumutsa nkhalamba ndi mnansi wake. Chifukwa chake magulu osamala odwala pa khomo, miphakati, mabungwe a amai ndi mabanki a m'khonde si zokongoletsa chabe ai. Ndiwo fuwa lachitatu, ndipo popanda iwo zipatala zimadzaza ndi anthu amene matenda ao eni-eni ndi njala ndi kusowa wowayang'anira.

Gawo la yense

Mutu umodzi susenza denga. Gawo la Boma ndi kukweza chaka ndi chaka ndalama zake za umoyo, kulemba m'kaundula wake anchito amene akhala akulipidwa ndi alendo, kulipira zipatala za mipingo pa nthawi yake, ndi kutseka mabowo m'nkhokwe za mankhwala, pakuti kuthira madzi m'mtsuko wobooka n'kutaya mphamvu. Gawo la eni minda ndi kuzindikira kuti udzudzu sudziwa malire a esiteti, ndi kuti wanchito wa nyengo amene abwerera chaka ndi chaka ndi wao ndithu. Tizipatala tao tiyenera kuyenda m'ndondomeko imodzi ndi za Boma, kuti munthu amene wayamba mankhwala pa esiteti mu January asawasowe ku mudzi mu June. Gawo la maiko othandiza ndi kuchoka monga amachokera mlendo waulemu, wotsazika nthawi ikadalipo, osati wothawa usiku.

Gawo la anthu wamba nalo si laling'ono. Pafupi ndi chipatala chilichonse pali komiti ya anthu a m'deralo, yoyenera kuona mankhwala akamafika ndi kumva madandaulo a odwala. Komiti yotere imafa anthu oona mtima akamakana kusankhidwa. Wogula mankhwala a Boma pa msika adziwe kuti ali mnzake wa wakuba, ndipo mbewu imene wagulayo inalandidwa kwa mwana wodwala. Matenda opewedwa ndi chimbudzi, ndi madzi otetezedwa, ndi neti, ndi katemera, ndiwo otsika mtengo koposa onse. Khomo lililonse lopewa kolera lasungira chipatala ndalama yochizira munthu wina. Ndipo akatekisiti ndi akulu a miphakati, amene amayenda khomo ndi khomo kuposa wanchito aliyense wa Boma, angathe kudziwa nkhalamba imene yagona ndi njala, wodwala amene waleka mankhwala, ndi mai woyembekezera amene sanayambe sikelo, nakauza mlangizi wa za umoyo nthawi isanathe.

Thyolo anaphunzitsa maiko ambiri kuti nchito ya chipatala ingasenzedwe ndi manja a anthu wamba ophunzitsidwa bwino. Chimene chatsala ndi chakuti manja omwewo agwirenso thumba, ndi kuti munthu amene wathyola tiyi moyo wake wonse asaiwalike pa tsiku limene watula dengu.

Mafunso okambirana

1. Kodi nzeru ziwiri zimene zinafikitsa mankhwala kwa anthu ambiri ku Thyolo pofika 2007 zinali ziti, ndipo zingathandize bwanji pa matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi?

2. Chifukwa ninji kulipiritsa pa khomo la chipatala kumapweteka mmphawi koposa wolemera?

3. Kodi m'komiti ya chipatala cha pafupi muli ayani, anasankhidwa liti, ndipo amafotokozera anthu kangati pa chaka?

4. Kodi m'mphakati muli nkhalamba ndi odwala angati amene alibe wowasamala, ndipo ndani adzawayendera sabata ino?